Mukufuna kukokera nyumba ku Msanzala? Yambani mwapita pa sikelo

Mwina inunso mwaliona kale pa Great East Road, Chisanu masana: double cab yonyezimira, kumbuyo ikukoka tilela yafulati, ndipo pamwamba pa tilelayo pakhala kanyumba kokhala ndi windo, chitseko ndi solar padenga. Mukayang'ana mumangoti, "Awe, uyu ndiye wadziwa umoyo." Alibe nkhawa ya lodge, alibe nkhawa yogona pa mphasa kwa achibale. Pomwe dzuwa lamulowera ndi pomwe pali bedi yake.

Ngati muli ndi munda ku Msanzala, kapena mumagula chimanga ndi nshawa kumidzi ya ku Petauke ndi Nyimba, kapenanso muli ndi kontilakiti yokumba ma borehole kutali ndi boma, maganizo amenewa anakufikiranipo kale. Kanyumba kameneka azungu amakatcha camper. Anakapanga kuti kazikhala m'bodi ya vaneti, koma ambiri a ife vaneti timaifuna ya katundu. Ndiye nzeru imabwera yokha: kakwezeni pa tilela, mukafika kumunda mumasule, motoka izigwira ntchito zina.

Nzeru yake si yoipa. Koma walira mvula walira matope. Mukafuna nyumba yoyenda, mwafunanso kulemera kwake, ndipo kulemerako kuli ndi malamulo awiri: lamulo la boma, ndi lamulo la chitsulo. La boma mutha kulipira faindi n'kupitiriza ulendo. La chitsulo silimva "pepani bwana".

Njira yake muidziwe poyamba

Tiyambe ndi mseu, chifukwa ndiwo udzakuyeseni. Kuchoka mu Lusaka kufika ku Petauke ndi makilomita pafupifupi 400. Mpaka ku Chongwe zonse zili bwino, mutha kuiwala kuti mukukoka kanthu. Mukadutsa Rufunsa, mapiri a Manenekela amayamba: zitunda, mitsetse yaitali ndi makona otsatizana mpaka kutsikira pa Luangwa Bridge, mlatho womwe unamangidwa mu 1968. Mukawoloka, mumayambanso kukwera kulowera ku Kacholola, kenako Nyimba, Minga, mpaka pamphambano yolowera mu Petauke.

Apo tala yatha ntchito yake. Msanzala ili kumpoto kwa boma la Petauke, m'dera lomwe kuyambira 2018 ndi boma palokha la Lusangazi, dziko la mafumu Sandwe ndi Nyamphande. Opita ku Ukwimi, komwe kale kunkakhala othawa nkhondo a ku Mozambique, amaidziwa bwino njira ya fumbi imeneyi. Ikapitirira imatsikira m'chigwa cha Luangwa, ndipo njira yakale yotulukira ku Mfuwe ndi ya 4x4 ndiponso ya m'chilimwe chabe. Mvula ikayamba mu November, timitsinje touma tija timadzuka.

Ndiye onani: mtsetse umayesa mabuleki, kona imayesa mmene mwapakira, mabampu a njira ya fumbi amayesa mabawuti ndi zowotcherera. Tilela yomwe inayenda bwino kuchoka ku Chelstone kupita ku Kabwata sinayesedwe kalikonse.

Manambala amene simuyenera kuyerekeza

Ambiri tikafunsidwa kuti motoka yathu imakoka zingati, yankho ndi lakuti, "Iyi ni Hilux, mwana, imakoka chilichonse." Zoona, injini ikhoza kukoka. Funso ndi lakuti kodi ikhoza kuimitsa, ndipo kodi chasisi, tow bar ndi matayala zikhoza kupirira.

Nambala yoyamba ndi GVM ya motoka, ndiko kuti kulemera konse komwe motoka imaloledwa kufika itanyamula zonse: mafuta, anthu, katundu. Ili pa kachitsulo ka fakitale, kawirikawiri pafupi ndi chitseko cha dalaiva kapena mu boneti, ndiponso m'buku la motoka. Yachiwiri ndi mphamvu yokoka, ndipo imeneyi imalembedwa pawiri: tilela yokhala ndi mabuleki ake, ndi tilela yopanda mabuleki. Ma double cab ena atsopano, monga Hilux 2.8, Ford Ranger ndi Isuzu D-Max, amalembedwa mpaka 3,500 kg ngati tilela ili ndi mabuleki. Koma tilela yopanda mabuleki, motoka zomwezo zimathera pa 750 kg. Werenganinso mawu amenewo, chifukwa matilela ambiri owotcheredwa m'makomboni mwathu alibe buleki ngakhale imodzi. Ndipo motoka zakale kapena zazing'ono manambala ake ndi otsika kwambiri kuposa awa.

Yachitatu ndi GVM ya tilela yeniyeniyo. Yachinayi ili pa tow bar: zomwe ingakoke, ndi zomwe ingasenze pa kampira kake kaja. Yachisanu ili pa matayala. Palinso nambala ina yomwe opanga motoka amalemba, ya kulemera kwa motoka ndi tilela pamodzi, ndipo nthawi zambiri imakhala yochepa kuposa mukaphatikiza ziwirizo zitadzaza. Tanthauzo lake n'lakuti simungadzaze bodi mpaka pakamwa ndi kukokanso tilela yolemera mpaka pamalire.

Pa manambala onsewa, yomwe ikulamulirani ndi yaing'ono kwambiri. Motoka ya 3,500 kg, tow bar ya 1,500 kg, ndiye kuti malire anu ndi 1,500 kg. Tcheni imadukira pa mphete yofooka.

Tiyeni tiwerengere limodzi

Tengani pensulo, tichite chitsanzo. Tinene kuti tilela yanu yalembedwa GVM 1,500 kg, ndipo yokha yopanda kanthu imalemera 450 kg. Malo otsala a katundu ndi 1,050 kg. Camper yanu wogulitsa anakuuzani kuti ndi 700 kg. Mumtima mwati, "Mwatsala malo ambiri."

Manje onjezani. Madzi malita 100 ndi 100 kg, chifukwa lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi, palibe kukambirana. Mabatire awiri akuluakulu a solar, pafupifupi 60 kg. Panel ndi mawaya ake, 25 kg. Botolo la gasi la 9 kg likadzaza limafika cha m'ma 18 kg pamodzi ndi chitsulo chake. Zigubu ziwiri za dizilo za malita 20, cha m'ma 40 kg. Firiji, matilesi, mapoto, unga, zovala ndi zakumwa, 120 kg. Sipeya, jeke ndi masipanala, 50 kg. Phatikizani: 1,113 kg. Mwapitirira kale malire ndi 63 kg musanatuluke pa geti.

Ndipo uwu ndi ulendo wopita. Pobwerera, ndani amachoka ku Petauke manja lende? Amalume akupatsani matumba anayi a chimanga a 50 kg, ndiyo 200 kg imeneyo. Apongozi awonjezera thumba la nshawa. Pa Nyimba simungadutse nthochi, pa Luangwa Bridge nsomba zouma ndi madengu zikukuitanani. Chilichonse pachokha ndi "kang'ono chabe", koma ekiselo imawerenga zonse pamodzi.

Chenjeraninso ndi nambala ya wogulitsa. Kulemera komwe amalemba pa camper nthawi zambiri ndi kwa kanyumba kouma, kopanda madzi, gasi kapena batire. Ngati kanyumba kanu kanapangidwa ndi welder wa kwanu, ndi machubu okhuthala, malata ndi mabolodi, palibe amene akudziwa kulemera kwake, ngakhale iye mwini. Njira ndi imodzi: sikelo. Makampani ogula chimanga, soya kapena thonje, ndi ogula zitsulo zakutha, ena ali ndi sikelo yaikulu yokwerapo motoka. Pemphani, lipirani kangachepe, pimani motoka payokha, tilela payokha, kenako zonse pamodzi mutapakira ngati mmene mudzayendere. Kapepala kameneko kasungeni mu dashboard.

Layisensi yanu ikuti bwanji?

Tulutsani layisensi yanu, muone chilembo chomwe chilipo. Ambiri a ife tili ndi B. Kalasi imeneyi ndi ya motoka yosapitirira 3,500 kg, ndipo tilela yomwe mungakoke nayo ndi yosapitirira 750 kg. Tilela ikaposa pamenepo, mufunika BE. Oyendetsa Canter ndi malole apakati ali ndi C1, ndipo akafuna kukoka tilela yaikulu amafunika C1E. Chomwe amayang'ana ndi kulemera komwe tilela yalembedwa, ndiye mawu akuti "lero ilibe katundu wambiri" sakuthandizani pa roadblock.

Tilela yachitsanzo chathu chija, ya 1,500 kg, ili kale kunja kwa B. Ndiye musanagule utoto wa kanyumba kanu, pitani ku RTSA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la Road Traffic Act la 2002, mukafunse za kukweza layisensi. Komweko mufunsenso za tilela yeniyeniyo, chifukwa nayo ndi chinthu choyenda pamseu: imafunika kulembetsedwa, kukhala ndi nambala puleti yakeyake ndi mapepala ake. Kuchotsa nambala ya motoka n'kuilemba ndi choko kumbuyo kwa tilela si kulembetsa ayi.

Kumbuyo kukhale magetsi oyaka bwino: a buleki, ma indicator ndi a usiku. Ikani zonyezimira, zoyera kutsogolo ndi zofiira kumbuyo, ndi chilembo T cha tilela. Matirayango awiri ndi chozimira moto zikhale pafupi, osati pansi pa matumba. Pa toll gate, monga ya ku Chongwe ndi ya Alexander Grey Zulu ku Nyimba, khalani ndi ndalama yapadera m'thumba, musadabwe pawindo.

Za inshuwalansi musazisiye kumapeto. Auzeni a kampani yanu kuti mumakoka tilela, ndipo pamwamba pake pali kanyumba, akulembereni papepala zomwe akuteteza. Tsiku la ngozi, funso loyamba lidzakhala la layisensi, lachiwiri la kulemera. Mukapezeka kuti munalibe kalasi yoyenera kapena munapitirira malire, mutha kutsala nokha ndi ngongole ya motoka yanu, ya mnzanu, ndi ya chipatala.

Poika kanyumba ndi pamene pagona nkhani

Tilela ili ngati chikochikale cha kumudzi. Aliyense amene anakulira kum'mawa akudziwa: mukaunjika matumba kumbuyo, goli limanyamuka n'kukoka ng'ombe pakhosi, mukaunjika kutsogolo, ng'ombe zimagwada. Tilela ndi chimodzimodzi, kungoti iyo imachita zimenezi pa liwiro la 80.

Lamulo la odziwa kukoka ndi lakuti mbali yaikulu ya katundu, cha m'ma 60 pa 100, ikhale kutsogolo kwa ekiselo, ndipo mphuno ya tilela itsamire pa tow bar ndi kulemera kwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera konse. Tilela ya 1,500 kg itsamire ndi cha m'ma 150 kg, malinga ngati tow bar yanu ikulola zimenezo. Mphuno ikapepuka, tilela imayamba kugwedeza mchira ngati nsomba. Ikalemera kwambiri, kumbuyo kwa motoka kumakhala pansi, matayala akutsogolo amapepuka, chiwongolero chimayamba kuyandama, ndipo usiku magetsi anu amaunika m'mitengo.

Musaiwale kuti 150 kg imeneyo yakwera pa motoka, ndiye muichotse pa zomwe bodi inganyamule. Anthu asanu mkati, bull bar, canopy, ndi mphuno ya tilela, mupeza kuti malo otsala m'bodi ndi ochepa kuposa mmene maso akuonera.

Camper yopangidwa ku fakitale imakhala ndi chizindikiro m'mbali chosonyeza pomwe pali pakati pa kulemera kwake. Chizindikirocho chikhale patsogolo pang'ono pa ekiselo ya tilela. Ngati palibe, yesani: ikani kanyumba, pimani mphuno ndi sikelo ya chimanga kapena ya m'bafa mutaika thabwa pansi pa cholumikizira, sunthani pang'ono, pimaninso, mpaka nambala ikhale bwino. Pokhapo ndi pamene muboole ndi kumanga.

Palinso msampha wina. Camper ili ndi chipumi chotulukira kutsogolo, pomwe pamakhala bedi, chomwe anachipanga kuti chikhale pamwamba pa kabini ya vaneti. Pa tilela, chipumi chimenechi chimalendewera pamwamba pa mkono wokokera. Pa kona yothina, kapena motoka ikamatuluka m'kamtsinje tilela ikadali kutsika, chipumicho chitha kumenya canopy kapena galasi lakumbuyo. Yesani pabwalo la mpira musanapite: khotetsani mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, wina akuyang'ana.

Ndipo kumbukirani kutalika. Pansi pa camper ndi popapatiza chifukwa panapangidwa kuti palowe pakati pa matayala a vaneti, koma pamwamba ndi potambalala. Mukakaika pa tilela yaitali miyendo, mwapanga chinthu chamutu waukulu. Mphepo ya basi yothamanga ikachiwomba, kapena tayala limodzi likagwera m'ngalande, chimafuna kugona chammbali. Tilela yotsika, yotambalala, ya ma ekiselo awiri ndiyo yabwino pa ntchito imeneyi. Zolemera zonse, madzi, mabatire ndi zitsulo, zikhale pansi ndi pafupi ndi ekiselo. Padenga pakhale solar chabe.

Zingwe za mphira zisiyireni njinga

Mphira zodula ku chubu zamangira makala ndi nkhuku zambiri m'dziko muno, koma kanyumba ka 700 kg si thumba la makala. Kamangidwe malo anayi, ngodya iliyonse, ndi matcheni okhala ndi zokungira zake, ndipo matcheniwo agwire chasisi ya tilela, osati matabwa a pansi kapena tizitsulo ta m'mbali. Akutsogolo akokere kutsogolo, akumbuyo akokere kumbuyo, kuti kanyumba kasapeze kothawira.

Pansi yalani mphira yokhuthala, ngati lamba wakale wa pa chigayo kapena mati ya m'bodi, kuti kasaterereke. Kutsogolo ndi m'mbali ikani zotchinga za chitsulo kapena mitanda yomangidwa ndi mabawuti. Mukaponda buleki mwadzidzidzi, katundu yense amafuna kupitiriza ulendo, ndipo kutsogolo kwake kuli inu ndi ana anu.

Mukasankha kumanga ndi mabawuti mpaka kalekale, ikani zitsulo zafulati pansi pa mitu yake kuti asang'ambe thabwa, ndipo gwiritsani manati osamasuka okha. Koma musakunge mopitirira. Tilela imapindika pang'ono pa mabampu, ndipo kanyumba komangidwa ngati mwala kamayamba kung'aluka m'makona, mvula n'kuyamba kulowa. Miyendo yoimikira camper ikwezeni mpaka pamwamba kapena ichotseni, chifukwa ndiyo imayamba kukola pa miyala.

Owotcherera athu a ku Kalingalinga ndi ku Garden ali ndi luso, mageti ndi mawindo a theka la Lusaka anachokera m'manja mwawo. Koma geti siyenda pa Manenekela. Pokambirana ndi welder wanu, mufunseni kuti ekiselo ndi ya makilo angati, masipulingi anachokera ku motoka yanji, ndipo cholumikizira chalembedwa zingati. Kampira ka tow bar kofala kuno ndi ka 50 mm, cholumikizira chikhale cha saizi yomweyo. Akakuyankhani kuti "ni strong maningi, osada nkhawa", mufunseninso nambala. Safunsa anadya phula.

Matayala, pomwe ambiri timabera

Tilela zambiri zimavala matayala omwe motoka ya m'nyumba inataya. Yang'anani m'mbali mwa tayala, pambuyo pa saizi pali nambala ya mphamvu yake. Tayala laling'ono la 13 inchi lolembedwa 79 limanyamula 437 kg. Awiri ndi 874 kg. Tilela yathu yachitsanzo ija, itapakiridwa, ikutsamira pa ekiselo ndi makilo oposa 1,400. Mukuona pomwe pali vuto? Tayala la katundu la 195R14C lolembedwa 106 limanyamula 950 kg lokha. Kusiyana kwa mtengo kulipo, koma n'kochepa poyerekeza ndi tayala kuphulika pa mtsetse.

Onaninso zaka. Pa tayala pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chomwe linapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23, chaka cha 2019. Matayala a tilela samatha mapazi, amakalamba ali chiimire padzuwa, n'kuyamba ming'alu. M'chigwa cha Luangwa mu October, pamene tala imatentha ngati chiwaya, tayala lokalamba ndi lopanda mpweya wokwanira silichedwa. Pimani mpweya m'mawa matayala akadali ozizira, ndipo sipeya ya tilela ikhale yakeyake, pamodzi ndi sipanala yokwana manati ake.

Ma bearing nawo apakeni girisi watsopano musananyamuke, ndipo nyamulani ena apadera. Mukaima pa Luangwa Bridge kugula nsomba, zungulirani tilela, gwirani pakati pa wilo lililonse. Kufunda pang'ono ndi bwino. Kukakutenthani dzanja, musapitirize. Mukawoloka mtsinje ma bearing ali otentha, madzi ndi mchenga zimalowa, ndiye mukafika kumunda muwaonenso.

Mmene mungayendetsere

Pa tala, 80 ikukwanirani, ngakhale mseu utakhala wopanda kanthu. Siyani mpata waukulu pakati pa inu ndi wakutsogolo, kawiri kuposa masiku onse. Mabasi a ku Chipata akafika kumbuyo kwanu, apatseni njira pamalo abwino, musapikisane nawo. Kupitirira lole mukukoka tilela kumafuna mtunda wautali kuposa mmene munazolowera, ndipo pa makona a Kacholola simuona zomwe zikubwera.

Pa mtsetse, lowani giya yaing'ono musanayambe kutsika, injini ikugwirireni. Giya yomwe mungakwere nayo phiri ndi yomwe mutsike nayo. Mukatsika mutapondereza buleki njira yonse, mabuleki amatentha, mumamva fungo, kenako pedulo imafewa, ndipo kumbuyo kuli tani ndi theka ikukukankhani. Kuika fili kuti musunge dizilo ndi kudzikumbira manda.

Tilela ikayamba kugwedeza mchira, thupi lidzakuuzani kuponda buleki mwamphamvu kapena kulimbana ndi chiwongolero. Musamvere. Gwirani chiwongolero chilunjike, chotsani phazi pa mafuta pang'onopang'ono, liwiro litsike lokha. Ikakhazikika, imani pamalo abwino, sunthirani katundu kutsogolo. Ikachita kamodzi idzachitanso, ndipo kachiwiri sikhululuka.

Matcheni achitetezo a pa mkono wokokera apingasane pansi pake, kuti cholumikizira chikamasuka mkonowo ugwere pa matcheni osati kukumba pansi. Mukayenda makilomita 20 oyamba imani, kungani zomangira zonse. Mukalowa njira ya fumbi kupitirira Petauke, imaninso. Mabampu ang'onoang'ono aja amamasula nati iliyonse yomwe inamangidwa mwaulesi. Pofika pa kamtsinje, tsikani, yendani wapansi muone mchenga ndi potulukira. Tilela yolemera ikatitimira, 4x4 yanu imasanduka nangula, ndipo mudzadikira ng'ombe za eni mudzi kuti zikuvuuleni. Usiku musayende: ng'ombe, mbuzi, njinga zopanda magetsi ndi malole owonongeka oikidwa nthambi m'malo mwa tirayango zonse zimakudikirani mumdima.

Muli bedi, koma si basi

Apa ndiye tikambirane ngati abale. Tsiku lonyamuka kupita ku maliro, ku ukwati kapena ku mwambo wa Tuwimba wa Ansenga kwa Kalindawalo, anthu amachuluka kuposa mipando. Wina adzanena kuti, "Ana angokwera m'kanyumba umo, muli matilesi." Kanani. Akakwiya, akwiye. M'kanyumba mulibe malamba, zipupa zake ndi zopyapyala, ndipo tilela ikamasuka kapena kugubuduka, amene ali mkati alibe chowateteza. Inu kutsogolo simudzamva ngakhale kukuwa kwawo.

Chimodzimodzi pobwerera, wina akakupemphani lifti ya matumba "awiri chabe" pamwamba pa zomwe mwapima kale. Kukana wachibale n'kowawa, tonse tikudziwa. Muuzeni kuti mudzamulipirira pa Canter yobwera m'mbuyo. Ndalama imeneyo ndi yochepa kuposa ekiselo yothyokera pakati pa Nyimba ndi Kacholola, opanda netiweki, dzuwa likulowa.

Mukafika n'kumanga msasa, tsekerani mawilo ndi miyala kapena mitengo musanamasule tilela, ndipo ikani zochirikiza kumbuyo kuti isanyamuke mphuno wina akalowa. Botolo la gasi likhale lotseka nthawi yonse ya ulendo. Usiku wa June kukazizira, mbaula isalowe mkati. Utsi wa makala sununkha, suoneka, ndipo m'kachipinda kotseka umapha anthu ali m'tulo.

Kodi n'zoyenera?

Ngati mumakhala kumunda masabata angapo nthawi yolima ndi yokolola, kanyumba ka pa tilela kakhoza kukupulumutsirani ndalama zambiri za malo ogona, ndipo mumagona pafupi ndi mbewu zanu. Njira yanzeru kwa ambiri ndi kukakoka kamodzi m'chilimwe, njira ikadali youma, kopanda madzi ndi katundu mkati, kukakasiya kumunda, n'kumayenda ndi motoka yopepuka. Madzi mukatunga komweko. Ngati ulendo wanu ndi wa kamodzi pachaka, tenti yabwino ndi matilesi zikukwanirani, ndipo layisensi yanu ya B ikhala pamtendere.

Koma ngati mtima wagwa kale pa kanyumba, chitani zinthu mwa dongosolo lake. Sabata ino pezani buku la motoka yanu, lembani manambala aja papepala, jambulani kachitsulo ka pa tilela ndi ka pa tow bar, yang'anani chilembo cha pa layisensi. Sabata yamawa pitani pa sikelo. Makatani, utoto ndi dzina lolemba kumbuyo zibwere pambuyo pake. Msanzala sithawa, ndipo nshawa za apongozi zidzakudikirani.